Buku la m'sutukesi ndi la yani?

Aliyense woyenda m'madera a Mpingu, Namitete, Nsaru, Kabudula mpaka ku Nambuma nyengo ya chilimwe, chimanga chitachoka m'minda, amaona mizere ina yaitali yodutsa chopingasa, yosalabadira kuti munda uwu ndi wa uje, uwo ndi wa uje. Pena ndi kamtumbira chabe komera udzu. Pena ndi chigwembe choti ng'ombe ikagweramo mpaka muitane mudzi wonse. Ana a lero amayesa kuti n'zachilengedwe. Ayi ndithu, zambiri mwa izo ndi ngalande, ndipo zinachita kukumbidwa, ndi ndalama za ngongole, zaka zoposa 50 zapitazo.

Si ngalande zoyendamo mabwato ngati za ku Mangalande, kumene munthu mmodzi, Charles Hadfield, anatha moyo wake akulemba ndi kusindikiza mabuku a mbiri ya ngalande za kwawo, chigawo ndi chigawo. Zathuzi ntchito yake inali yotchinga madzi a mvula kuti asakokolole nthaka, n'kuwatsogolera bwinobwino kudambo. Koma mbiri zili nayo, ndipo ndi mbiri yokhudza m'mimba mwa anthu.

Mu 1968 boma la Dr. Banda linatenga ngongole ku Banki Yaikulu ya Dziko Lonse n'kuyambitsa chitukuko chija chinkatchedwa Lilongwe Land Development Programme. Chitakula, chinafungatira maekala opitirira miliyoni imodzi. Dera lonse analigawa m'mayuniti, yuniti iliyonse ndi likulu lake: msika wa mbewu, nyumba za alangizi, ofesi ya ngongole. Analambula misewu, anakumba madilawo, anatsegula famu ya ng'ombe ku Dzalanyama, anabweretsa feteleza ndi mbewu ya chimanga chamakono pangongole. Malo anawayeza n'kuwalembetsa m'kaundula potsata malamulo a 1967, ndiye zija za ndundazi. Ndipo anakumba ngalande zotalika makilomita zikwi zingapo. Alendo ochokera maiko akutali ankabwera kudzaona, poti inali imodzi mwa ntchito zoyamba za mtundu umenewu mu Africa muno.

Paja nkhani ya migula inali ndi mabala kale. Itatha njala ya 1949, boma la atsamunda, pansi pa Bwanamkubwa Geoffrey Colby, linalimbitsa malamulo a malimidwe. Wosaunda mizere, wosakonza migula, ankalipitsidwa kapena kutsekeredwa kumene. Mkwiyo wa malimidwe ndi umodzi mwa nkhuni zimene zinasonkhezera moto wa Congress pamene Kamuzu anafika mu 1958. Tsono patangopita zaka khumi, boma la Kamuzu yemweyo linabwera nayo nkhani yomwe ija ya kuteteza nthaka, koma ulendo uno m'malo mwa mesenjala ndi unyolo kunabwera makina. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene panagona vuto: chokumbidwa ndi giredala munthu amachitcha "cha boma", ndipo cha boma amakonza ndi boma. Ngalande zikakwiririka ndi mchenga, madzi ankasefukira pamalo amodzi, ndipo paja madzi saiwala khwawa. Malo ena chimene chinabwera kudzateteza nthaka ndicho chinabala chigwembe.

Imeneyi ndi nkhani yoyenera buku. Koma lowani m'sitolo ya mabuku mumzinda wa Lilongwe, mufunse buku la m'Chichewa lofotokoza mmene anthu a kwa Kabudula anazionera zinthuzi. Adzakuyang'anani ngati mwafunsa mkaka wa nkhuku.

Si kuti sizinalembedwe. Zinalembedwa zambiri zedi. Polojekitiyo inali ndi anyamata ake oyenda ndi mafomu ndi masikelo, kuyeza minda, kuyeza zokolola, kufunsa mafunso khomo ndi khomo. Mu 1974 B.H. Kinsey analembera Banki ija lipoti lalitali la ntchitoyi, lomwe linangochulukitsidwa pa makina a mu ofesi. Mu 1975 Uma Lele anatulutsa buku lake la The Design of Rural Development, momwe Lilongwe ndi chimodzi mwa zitsanzo zake zikuluzikulu. Ku Chancellor College ophunzira mbiri ankatumidwa kumidzi kwawo patchuthi kukafunsa akuluakulu, n'kulemba mapepala omwe ankataipidwa pa sitensulo ndi kusungidwa mu laibulale. Zonsezi m'Chingerezi. Mayi amene anatsegula nkhokwe yake kuti mnyamata wa sikelo ayeze chimanga sanaonepo ngakhale tsamba limodzi.

Koma nkhani yanga lero si ya azungu a malipoti. Ndi ya ife tomwe.

Tiyerekeze bambo wina amene anali mlangizi nthawi imeneyo, kapena kalaliki wa ngongole, kapena mphunzitsi wapasukulu ya mishoni. Atapuma ntchito anaganiza zolemba mbiri ya chitukukocho. Anagula makope, anakwera njinga, anakhala pamkeka ndi mafumu, ndi amayi okalamba, ndi mkulu wina amene ankayendetsa giredala. Anamuphera nkhuku. Anamuuza za mbuzi ndi malata zimene zinkalandidwa ngongole ikakanika, za manda amene ngalande inalambalala ndi amene sinalambalale, za mkamwini amene anadabwa kuona kuti dzina lake mulibe m'kaundula wa munda umene anaulima zaka makumi awiri. Makope anadzaza asanu ndi limodzi. Mitu inayi inalembedwa bwinobwino, wachisanu unathera pakati. Zonse zili m'sutukesi pansi pa bedi, ndipo chaka chino ndi cha khumi ndi chisanu. Anthu oterewa alipo, ndipo ena mwa inu awerengi mukumudziwa wanu, kaya wake ndi wa mbiri ya mpingo, kaya wa ufumu, kaya wa sukulu.

Funso langa nali: kodi bambo ameneyu walakwira munthu?

Ambiri angayankhe msanga kuti ayi. Makope ndi ake, bolopeni ndi yake, thukuta ndi lake. Palibe anamutuma. Munthu akaumba njerwa n'kulephera kumanga, timamumvera chisoni, sitimuzenga mlandu. Ndipo zifukwa ali nazo. Choyamba ndi mantha. Amene anakula nthawi ya chipani chimodzi akudziwa kuti pepala linkamangitsa. Lamulo la 1968 linapatsa Censorship Board mphamvu pa chilichonse chosindikizidwa, nyumba yosungira mbiri ya dziko ku Zomba inkalowedwa ndi chilolezo chovuta kupeza, ndipo Jack Mapanje anakhala ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuonekera kubwalo la milandu. Kulemba kuti ngalande za Ngwazi zinakwiririka kunali kudziitanira galimoto ya usiku. Chizolowezi cha mantha sichitha tsiku la chisankho. Komabe tinene zoona, riferendamu inachitika mu 1993, ndipo mwana wobadwa chaka chimenecho lero ali ndi ana ake kusukulu. Chifukwa chimenechi chinakalamba.

Chachiwiri ndi ndalama, ndipo pamenepa sinditsutsa. Osindikiza mabuku kwathu kuno maso awo amakhala pa silabasi, ndipo munthu wa penshoni sangasiye feteleza n'kukalipira makina osindikizira.

Chifukwa chimene chimandivuta ndi chachitatu, chifukwa chimaoneka ngati ulemu. Bamboyo amati: "Silinapse. Pali mfumu ina sindinaifunse. Chaka chimene anakumba ngalande ya kuseri kwa sukulu anthu akusiyana, ena akuti 1971, ena 1973. Ndingatulutse bwanji chinthu chokayikitsa?" Amenewa ndi mawu a munthu woopa bodza, ndipo munthu woopa bodza ndi wosowa masiku ano. Ndisanamudzudzule, ndiyenera kuvomereza kuti kumaliza buku pakokha si chilungamo.

Chitsanzo chake chili ku Russia, ndipo n'cha ngalande chomwecho. Pakati pa 1931 ndi 1933 boma la Stalin linakumbitsa ngalande ya makilomita 227 yolumikiza White Sea ndi Baltic. Okumba anali akaidi, ndi mapiki ndi mawilibala, m'chisanu choopsa, ndipo anafa anthu zikwizikwi. Itatha, boma linanyamula alembi oposa 100 kukawaonetsa ntchitoyo, ndipo 36 mwa iwo, motsogozedwa ndi Maxim Gorky, analemba buku lalikulu lomwe linatuluka mu 1934. Linatha msanga, linali ndi zithunzi, linali ndi chikuto chokongola. Uthenga wake unali woti ntchito ya kalavulagaga inasandutsa mbava kukhala nzika zabwino. Chikomekome cha mkuyu. Za mitembo silinanene. Chodabwitsa n'chakuti mu 1937, mkulu wa apolisi achinsinsi amene bukulo linkamutamanda, Genrikh Yagoda, atagwa n'kumangidwa, bukulo linachotsedwa m'malaibulale. Kunena mosabisa, makope asanu ndi limodzi a bambo wathu uja, osatha, odyedwa ndi chiswe m'mbali, ali ndi ulemu kuposa buku limenelo.

Ifenso tili nazo nkhani zathu zomalizidwa mofulumira. Mu October 2010 ku Nsanje kunali chikondwerero chotsegulira doko, Pulezidenti Bingu wa Mutharika ali ndi alendo ake Robert Mugabe ndi Rupiah Banda, timabuku ndi zikwangwani zitasindikizidwa kale. Bwato lonyamula feteleza lomwe linkayembekezeka linagwidwa ku Mozambique, silinafike. Ndipo maganizo othirira chigwa cha Shire analembedwa kale m'lipoti la kampani ya Halcrow mu 1954, koma ngalande yaikulu yochokera ku Kapichira inayamba kukumbidwa mu 2020. Pa nkhani za madzi, mapepala kwathu kuno amathamanga kuposa khasu. N'chifukwa chake wolemba wodekha sindimuseka.

Koma tsono pali kusiyana pakati pa kusamaliza ndi kubisa, ndipo apa ndi pamene ndikusiyana naye bambo uja.

Njerwa zosamangira ndi dothi lako. Buku la mbiri si dothi lako. Muli mawu a anthu ena. Gogo amene anakhala naye pamkeka masana onse sanamuuze nkhani zija kuti amusangalatse. Anamuuza chifukwa anaona kope ndi bolopeni, ndipo kwa iye kope linali lonjezo loti mawuwa akafika kwina kumene iye sangafike. Pachichewa tili ndi mawu oti kuikiza. Munthu amaikiza mbuzi kwa mnzake, amaikiza mwana, amaikiza ndalama. Woikizidwa amaweta, amadyetsa, mwina amapatsidwako kamwana kambuzi, koma tsiku limene ayambe kunena kuti "mbuzi zanga" ndiye kuti mlandu wayamba. Mawu a akuluakulu aja ndi oikiza. Mitu inayi ija, kalembedwe kake, maganizo ake, zimenezo ndi zake, akhoza kuziwotcha akafuna. Koma zimene ananena woyendetsa giredala si zake.

Palinso china chimene anthu sachiona msanga. Buku losatha silingokhala phee m'sutukesi, limagwira ntchito ngati ngalande yokumbidwa theka. Mlimi aliyense wa ku Nsaru akudziwa kuti ngalande yothera panjira ndi yoipa kuposa kusakumba n'komwe, chifukwa imasonkhanitsa madzi a m'minda khumi n'kukawakhuthulira m'munda wa munthu mmodzi. Nalonso buku lotere limasonkhanitsa nkhani za dera lonse n'kuzitsekera pamalo amodzi. Gogo uja akafunsidwanso ndi mdzukulu wake amati, "Zonse ndinawauza kale aphunzitsi, kafunseni kumeneko." Mnyamata wa ku Bunda amene akanafuna kulemba amauzidwa kuti, "Iii, zimenezo akulemba kale achikulire aja," ndipo mwaulemu amabwerera. Munda wagwiridwa ndi munthu amene sakuulima. Pamene dziwe lija liphulika, ndiye kuti pa maliro a mwini sutukesi, zonse zimapita kamodzi.

Ndipo tikudziwa mmene zimapitira. Pogawa chuma cha masiye anthu amakanganirana malata, njinga, wailesi ndi ngolo. Sutukesi amaifuna, koma yopanda kanthu. Mapepala amathera kokulungira mandasi, kopichirira fodya, koyatsira mbaula. Palibe woipa mtima pamenepo. Mayi wamasiye amene sanauzidwepo kuti m'makopemo muli chiyani sangaimbidwe mlandu. Dziko lino linatayapo kale mbiri yake ndi moto mu 1919, pamene maofesi a boma ku Zomba anapsa pamodzi ndi mafailo a zaka zoyamba za utsamunda, ndipo akatswiri a mbiri amadandaulabe. Koma moto wa pambaula ukutentha zambiri kuposa umenewo, mwakachetechete, nyumba ndi nyumba.

Taonani zimene zinachitika ndi George Simeon Mwase, yemwe mu 1927 anayambitsa bungwe la Central Province Native Association ku Lilongwe konkuno, lolankhulira alimi a fodya. Ali m'ndende ku Zomba cha m'ma 1931 ndi 1932, analemba nkhani ya John Chilembwe, zina atazimva kwa mkaidi mnzake amene anali nawo pa kuukira kwa 1915. Chingerezi chake chinali chokhotakhota, ndipo akatswiri ena amakayikira mbali zina za nkhani yake mpaka lero. Iye anamwalira mu 1962 asanalione buku lake. Koma chifukwa mapepalawo anatuluka m'manja mwake n'kukafika mosungira mbiri, Robert Rotberg anawapeza n'kuwasindikiza mu 1967 pa mutu woti Strike a Blow and Die. Akanati adikire kuti zipse, bwenzi tilibe kanthu. Zolakwa zake ena anazikonza, chifukwa chinthu choonekera chimakonzeka.

Ku Panama nako, ngalande yotchuka ija inatsegulidwa mu 1914, ndipo mabuku oyamba ankatamanda mainjiniya a ku America. Anthu akuda ochokera ku Barbados, Jamaica ndi zilumba zina, amene anagwira fosholo ndi kufa ndi malungo ndi mabomba ophwanyira miyala, ankangotchulidwa ngati chiwerengero. Mu 1963 kabungwe kena ka mbiri kumeneko kanaitanitsa makalata kuchokera kwa okalamba otsala, pampikisano wa kamphotho kochepa. Anabwera makalata opitirira 100, ena a tsamba limodzi, ena osapelekeka bwino. Silinali buku. Koma lero wolemba aliyense wofuna kunena za anthu amenewa amayambira pa makalata omwewo.

Tsono kwa bambo wathu ndinganene kuti: achikulire, ngati mutu wachisanu wakukanikani, usiyeni. Palibe akukukakamizani kukhala Samuel Ntara, amene anayenda m'midzi kufunsa akuluakulu mpaka kutulutsa Mbiri ya Achewa. Koma makope a mafunso aja atulutseni. Lembani pachikuto kuti munafunsa yani, kuti, liti. Pamene anthu akusiyana chaka, lembani zaka zonse ziwiri. Mdzukulu wanu ali ndi foni yojambula, masamba 300 ndi ntchito ya Loweruka limodzi. Kope lina lipite ku Zomba kosungira mbiri, komwe kuli gawo la zolembedwa pamanja za anthu wamba, lina ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala, lina ku Bunda, lina kuparishi kapena kusukulu ya m'dera lomwelo kumene eni mawu angalifikire wapansi.

Ndikudziwa kuti wina anena kuti ndapeputsa nkhani, ndipo pali mbali imodzi imene ndikuvomera kuti ndi yolemera. M'makope otere mumakhala maina. Muli dzina la tcheyamani wa nthambi amene ankatsekereza amayi pamsika chifukwa cha khadi, amene adzukulu ake lero akwatirana ndi adzukulu a amayi omwewo. Muli dzina la amene anakanena mnzake kwa a Payoniya. Dziko lathu silinakhale ndi bwalo loti anthu aulule zoona poyera monga anachitira ku South Africa. Tinali ndi National Compensation Tribunal, yomwe inkalandira madandaulo ndi kupereka chipepeso, koma midzi yambiri inangosankha kukhala chete kuti anthu athe kuikirana maliro. Kodi wolemba ali ndi ufulu wosokoneza mtendere umenewo? Apa yankho lilipo ndithu, ngakhale si lokoma: maina amabisika, ndipo mapepala amatha kusungitsidwa ndi pangano loti asatsegulidwe kufikira patapita zaka zakutizakuti. Osunga mbiri amazidziwa njira zimenezi. Kuteteza mdzukulu wa tcheyamani sikufuna kuti mawu a gogo aponyedwe pamoto.

Koma za malo ndi zina. Pamene ankalembetsa ndunda, munda wa banja lonse unkalembedwa m'dzina la mtsogoleri mmodzi woimira abale ake, pakati pa anthu amene malo amayenda motsata kuchikazi, ena ali pachikamwini, ena pachitengwa. Ngalande ndi misewu ya polojekiti zinasanduka zizindikiro za malire. Lero anthu achuluka, minda yachepa, a m'tauni akugula malo mpaka ku Mpingu ndi kupitirira, ndipo malamulo a malo anasinthidwanso mu 2016. M'dera lotere, chiganizo chimodzi cha m'kope, choti "ngalande inadutsa kumadzulo kwa mtengo wa mkuyu, m'munda wa akuchikazi a uje", si mbiri chabe. Ndi umboni. Chikhoza kubwezera mayi wamasiye munda wake, chikhozanso kuchotsa banja pamalo pamene lakhala zaka 50. Apa dzina silingabisike, chifukwa dzinalo ndiye nkhani yake. Ndipo gogo amene ananena mawuwo mwina anali ndi mbali yake pa mkanganowo, mwina anaiwala, mwina ananena dala podziwa kuti zikulembedwa.

Pamenepa ndiye ndikumumvetsa bambo uja akamazengereza, ndipo sindingamuuze kuti athamangire kwa osindikiza. Chimene ndingamuuze n'chakuti chiweruzo chimenechi n'cholemera kuti achisenze yekha m'chipinda, usiku, ndi tochi. Mawuwo anawatenga pabwalo, kwa anthu ambiri, ndipo ena mwa iwo akali moyo. Mnyamata amene anali ndi zaka 20 pamene makina oyamba ankafika mu 1968 lero wapitirira zaka 75. Otsalawo angathe kuitanidwa, pamodzi ndi mafumu ndi mbali zonse ziwiri za banja, kuwawerengera zimene zinalembedwa, iwo n'kutsutsa, kuwonjezera, kapena kunena kuti tsamba ili lidikire. Zimene anganene tsiku limenelo zilembedwenso, ndi deti lake, m'kope lachisanu ndi chiwiri.